Kukwera chulu posaka netiweki: moyo wa pa foni m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Ife a m'mbali mwa nyanja ndi anzathu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tidadziwana kalekale kudzera m'mbale ya nsima. Ufa unkatsika kuchokera kumtunda, ndiwo zinkakwera kuchokera kunyanja. Makolo athu ankasenza mitanga ya usipa ndi utaka wouma, n'kuyenda masiku angapo kukwera zitunda kuti akasinthanitse ndi chimanga, nyemba ndi mtedza. Malonda amenewo akadalipo, ndipo amadutsa m'misewu imene tonse timaidziwa: wa Salima kupita ku Lilongwe wodzera ku Mvera ndi pa Chezi, komanso wa Nkhotakota kupita ku Kasungu wodzera pa Malomo. Chimene chasintha ndi poyambira pake. Masiku ano nsomba isanachoke pathandala, chithunzi chake chimakhala chitafika kale pa Mponela. Thumba la soya lisanakwezedwe m'galimoto ku Ntchisi, mtengo wake umakhala utakambidwa kale pa WhatsApp.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi. Ambiri mwa iwo ndi alimi a chimanga, fodya, soya, mtedza ndi mbatatesi. Amenewa ndiwo amagula nsomba zathu, ndiwo amatigulitsa chakudya m'miyezi ya njala, ndipo ena a iwo ndi apongozi ndi alamu athu. N'chifukwa chake kudziwa m'mene foni imagwirira ntchito kumeneko kuli ndi phindu kwa ife. Foni yafupikitsa ulendo wa pakati pa nyanja ndi mapiri, koma nthawi imene imafunika kuti munthu adziwike kuti ndi wokhulupirika ikadali yomweyo ya kale. Ambiri amene ataya ndalama kapena ubale pa foni adaiwala mfundo imeneyi.

Netiweki ili ndi malo ake

Wochokera ku Senga Bay kapena ku Nkhotakota, kumene dziko ndi lachidikha, amadabwa akafika m'midzi ya kuseri kwa phiri la Ntchisi. Foni imene inkalira tsiku lonse imangoti zii. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mphamvu imene imanyamula mawu kuchokera pa nsanja ya kampani kufika m'manja mwathu imayenda molunjika, monga kumachitira kuwala kwa tochi. Phiri likaima pakati, mudzi wa m'chigwa umatsala mumthunzi, pamene mudzi wina wa patali koma wokhala pamtunda ukulandira bwinobwino.

Eni dera adazolowera. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi malo ake odziwika ogwirirapo netiweki: chulu cha kuseri kwa sukulu, mtengo wa mango wa pamphambano, kapena mwala wa panjira ya kudimba. Madzulo mumapeza anthu angapo ataima pamenepo, aliyense atakweza foni m'mwamba ngati akuonetsa tikiti kwa kondakitala. Mauthenga amene adatumizidwa m'mawa amalowa onse nthawi imodzi. Ena amasiya foni pazenera limodzi lokhalo limene limagwira, ndipo mwana amauzidwa kuti ikalira athamange kukaitana bambo kumunda.

Izi zimaseketsa, koma zadanitsapo anthu. Wogulitsa nsomba wa ku Salima amene adasiya katundu pangongole akaimba kasanu n'kumva kuti nambalayo sikupezeka, mtima umathamangira kuganiza kuti mnzakeyo wathawa ndi ndalama. Amajambula mawu aukali n'kutumiza. Mnzakeyo, amene adangotsikira kumaliro kuchigwa, akakwera pachulu mawa lake amalandira chipongwe chimene sadachiputepo. Ubale wa zaka khumi umasweka chifukwa cha phiri. Amalonda ozindikira amapangana tsiku ndi ola loimbirana, ndipo amasunga nambala ya munthu wachiwiri wa pamsika amene angathe kukafikitsa uthenga ndi miyendo.

Vuto lachiwiri ndi moto wa m'foni. Magetsi a ESCOM amathera m'misika ikuluikulu, ndipo midzi yambiri imadalira sola. Motero padabuka ntchito imene makolo athu sadaidziwe, ya otchaja mafoni. Kawirikawiri amakhala ometa tsitsi kapena eni magolosale, ndipo pathebulo pawo pamakhala mafoni ambirimbiri, iliyonse atamatapo kapepala ka dzina. Pafupi nawo pamakhala anyamata obena nyimbo, amene ali ndi kompyuta yodzaza ndi nyimbo, mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, maulaliki ndi timakanema toseketsa. Munthu amapereka memori khadi yake, amalipira pang'ono, n'kupita nazo kumudzi kumene amakagawira anzake kudzera pa Bluetooth. Kanema wojambulidwa ku Johannesburg amatha kufika m'mudzi umene mulibe netiweki n'komwe, atayenda m'thumba la wakabaza.

Malamulo amene sadalembedwe

Foni yabala mwambo wakewake, ndipo aliyense amaudziwa ngakhale palibe adauphunzitsa. Woyamba ndi kufulasha. Kuliza foni ya mnzako kamodzi n'kudula kumatanthauza kuti ndafika bwino, kapena kuti ndakukumbukira. Kuliza kawiri kapena katatu ndiko kunena kuti ndiimbire, ndilibe mayunitsi. Mwambowu umadziwanso ulemu. Mayi wa kumudzi akhoza kufulasha mwana wake wa m'tauni, ndipo mwanayo ayenera kuimba. Koma mkamwini wofulasha apongozi ake amadzichotsera yekha ulemu, ndipo wogulitsa amene amafulasha wogula amaoneka ngati malonda ake alibe mphamvu.

Wachiwiri ndi uthenga wa mawu. Kwa anthu amene sukulu sadapite nayo patali, mwayi wojambula mawu pa WhatsApp udatsegula khomo limene zilembo zidatseka. Agogo amene sadalembepo kalata tsopano amalankhula ndi mdzukulu wawo ali ku Cape Town. Ndipo amalankhula monga mwa chikhalidwe chathu: amayamba ndi moni, amafunsa za ana, amafotokoza za mvula ndi za mbuzi imene idaswa, ndipo nkhani yeniyeni imadza kumapeto. Achinyamata amene amathamangitsa uthengawo kuti uthe msanga nthawi zina amaphonya mawu amodzi okhawo amene adali ofunika.

Wachitatu ndi wovuta kuposa onse, ndipo ukukhudza maliro. Mwa mwambo wa Achewa a ku Dowa ndi Ntchisi, munthu akamwalira nkhani imayamba yafika kwa akuluakulu a banja ndi kwa mfumu, kenako amatumidwa anthu okanena kwa abale, ndipo otumidwawo amadziwa kasankhidwe ka mawu. Ifenso kunyanja kuno tili ndi dongosolo lofanana nalo. Popeza ife timaika maliro mwamsanga, foni yatithandiza kwambiri kusonkhanitsa abale pa nthawi yake. Koma taonanso mwana ali kutali akudziwa za imfa ya mayi ake poona chithunzi chawo pa status ya mnzake wa kusukulu, patalembedwa mawu achisoni ndi tizithunzi ta misozi. Woikayo amayesa kuti akulira nawo, osadziwa kuti walasa munthu amene ali yekha m'dziko la eni, wopanda womugwira dzanja. Mabanja ena tsopano amagwirizana kuti pasapezeke woika kanthu pa masamba a mchezo mpaka mwinimbumba atanena kuti onse oyenera kumva amva.

Palinso chinthu china chimene okonza mafoni kunja sadachiganizire. Iwo amaona foni ngati chinthu cha munthu mmodzi, chonga mswachi. Kumudzi foni imodzi imatumikira banja lonse, nthawi zina ndi oyandikana nawo omwe. Uthenga wopita kwa bambo amauwerenga ndi mwana wa Sitandade 7, mokweza, mayi ndi alendo ali pomwepo. Wotumiza uthenga kumapiri azikumbukira kuti akulankhula pabwalo.

Ndalama zoyenda popanda thumba

Boma la Dowa lili ndi mbiri yake pa nkhani yolandira ndalama kudzera m'makina. Kuyambira mu Disembala 2006 mpaka mu Epulo 2007, mbewu zitakanika m'madera ena a bomalo, bungwe la Concern Worldwide mogwirizana ndi banki ya Opportunity International lidapereka ndalama kwa mabanja oposa 10,000 pogwiritsa ntchito makhadi ozindikira munthu ndi chidindo cha chala. Galimoto ya banki inkafika kumudzi, ndipo amayi amene sadalowepo m'banki ankaika chala pamakina n'kulandira ndalama zogulira chakudya. Izi zidachitika zaka zisanu Airtel Money isanayambe mu 2012, ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013.

Lero maejenti ali pamsika uliwonse, pansi pa ambulera kapena m'kakhumbi kopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira. Wogulitsa nsomba sayendanso ndi mpukutu wa ndalama m'sokosi podutsa m'nkhalango usiku. Koma ntchitoyi ili ndi zovuta zake. M'nyengo yokolola, pamene aliyense akufuna kutapa ndalama, ejenti wa kumudzi amatha ndalama za m'manja dzuwa lisanafike pamutu. M'nyengo yogula feteleza, pamene aliyense akufuna kutumiza, amatha fuloti. Munthu amakhala ndi chuma m'foni koma osatha kugula mchere.

Alimi a m'maboma awiriwa adaonanso mu 2020 kuti netiweki ikhoza kuima pakati pa munthu ndi munda wake. Chaka chimenecho boma lidayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, ndipo thumba la feteleza la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495. Kuti mlimi agule, chitupa chake cha unzika chinkayenera kuwerengedwa ndi makina olumikizidwa ku intaneti. Netiweki ikavuta, feteleza ankakhala ali m'nyumba yogulitsiramo, ndalama zili m'manja, koma mzere osasuntha, ndipo m'madera ambiri a dziko lino alimi adagona pamalo ogulitsirapo pamene mvula idali itayamba kale.

Chikomekome cha mkuyu

Pamene pali ndalama, akathyali sachedwa kufika. Njira zawo n'zodziwika, koma zikupitirirabe kugwira anthu chifukwa zimalowera pa mantha ndi pa chiyembekezo. Wina amatumiza uthenga wooneka ngati wochokera ku kampani wonena kuti mwalandira ndalama, kenako amaimba modandaula kuti adalakwitsa nambala, mumubwezere. Wina amadzitcha dalaivala wochokera ku Joni, akuti katundu amene m'bale wanu watumiza wagwidwa pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo pakufunika ndalama msangamsanga. Mabanja a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, amene ali ndi ana ambiri ku South Africa, bodza limeneli amalidziwa bwino. Kwa alimi a kumapiri nyambo imasintha: amauzidwa kuti dzina lawo latuluka pa Mtukula Pakhomo kapena pa ngongole ya feteleza, angotumiza kandalama kolembetsera. Kwa amalonda kuli chithunzi chabodza cha uthenga wosonyeza kuti ndalama zatumizidwa, chimene wogula amaonetsa katundu ali kale pagalimoto.

Mu 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe ndi chitupa cha mwini wake. Cholinga chidali chakuti wolakwa azipezeka. Akathyali adapeza njira yozemba polembetsa manambala ndi zitupa za anthu ena, kawirikawiri anthu a kumudzi amene adabwereketsa chitupa chawo mosaganizira kapena atapatsidwa kangachepe. Tsiku limene apolisi atsata nambalayo, amafika pakhomo pa mlimi wosalakwa. Chitupa cha unzika sichibwerekedwa, ndipo nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money siyenera kunenedwa mokweza pamzere wa kwa ejenti. Okalamba amene satha kuwerenga asankhe munthu mmodzi yekha wa m'banja wowathandiza, ndipo ena onse adziwe kuti ndi ameneyo.

Chitetezo chachikulu n'chakale ndithu: kudekha ndi kufunsa. Wakuba amafuna kuti muchite zinthu foni ili kukhutu, musanapume. Dulani, onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu, imbirani m'bale wanuyo pa nambala imene mumaidziwa. Safunsa adadya phula.

Mphekesera nazo zili ndi chifukwa chimene zimayendera msanga kumudzi. Pofuna kusunga ndalama, anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, imene ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi yotsegula intaneti yonse. Ngakhale mitengo idatsikako anthu atadandaula kwambiri mu 2020, kwa mlimi bandulo ikadali yolimbirana ndi sopo ndi mchere. Zotsatira zake n'zakuti munthu amatha kulandira nkhani koma alibe njira yokaitsimikizira kwina. Uthenga wonena kuti mtengo wa soya wagwa ku Lilongwe ukalowa m'gulu la alimi, ena amagulitsa tsiku lomwelo kwa vendayo amene mwina ndiye adauyambitsa. Ifenso timadziwa chisokonezo chimene chimabuka kumapeto kwa Ramadan, pamene mauthenga onena kuti mwezi waoneka kwakutikwakuti amayamba kuzungulira atsogoleri asanalengeze. Ndipo tisaiwale kuti kuyambira mu 2016 dziko lino lili ndi lamulo loona za pa intaneti, la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza ndi kunyoza ena kudzera m'makina. Anthu amangidwapo chifukwa cha zimene adalemba kapena kutumiza m'magulu a WhatsApp. Kunena kuti ndangopatsira ena zimene ndidalandira sikuchotsa munthu pamlandu.

Kalumo kakuthwa ka ku Dzaleka

M'mapiri omwewa muli malo amene akuonetsa nkhope ina ya intaneti. Pafupi ndi boma la Dowa, pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Lilongwe, pali msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka. Malowa adali ndende m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, ndipo adasanduka msasa mu 1994. Adakonzedwera anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000, koma lero mukukhala oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Somalia ndi Ethiopia. Malamulo a dziko lino amafuna kuti othawa kwawo azikhala mumsasa, ndipo mu 2023 boma lidabweza kumeneko ambiri amene ankachita malonda m'matauni. Kwa wachinyamata wobadwira m'malo otere, wopanda munda ndi ufulu wokafuna ntchito kumene afuna, intaneti ndilo khomo limene latsala lotsegula.

Kuyambira mu 2010, ophunzira a ku Dzaleka akhala akuchita maphunziro a ukachenjede kudzera pa intaneti, pansi pa ndondomeko imene lero imatchedwa Jesuit Worldwide Learning, imene idayamba mogwirizana ndi Regis University ya ku America. Mphunzitsi amakhala kutsidya kwa nyanja zamchere, wophunzira ali pa kompyuta ku Dowa. Remy Gakwaya, wothawa kwawo wochokera ku Burundi, adayambitsa sukulu ya TakenoLAB yophunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu a kompyuta. Poyamba makompyuta adali osowa, moti ankasindikiza chithunzi cha mabatani a kompyuta papepala kuti ophunzira azikazolowetsa zala kunyumba. Mu 2017 kampani ya Microsoft pamodzi ndi bungwe la UNHCR adakhazikitsa mumsasamo malo ophunzitsira kupanga mapulogalamu otchedwa AppFactory, ndipo mu 2018 New Finance Bank idatsegula nthambi yake momwemo.

Ena mwa achinyamata amenewa tsopano amagwira ntchito za anthu amene sadaonanepo nawo: kumasulira zolemba pakati pa Chifalansa, Chiswahili ndi Chingerezi, kukonza masamba a pa intaneti, kujambula zizindikiro za makampani. Ntchito yotere ili ndi zodabwitsa zake. Bwana akhoza kukhala m'dziko limene kukucha pamene kuno kukuda, choncho wantchito amagona masana. Magetsi akazima ntchito ili pakati, palibe chifukwa chimene bwanayo angamve. Ndipo popeza sakuonana, chimene wantchito amagulitsa kwenikweni ndi mbiri yake: kuti adalonjeza Lachitatu ndipo adapereka Lachitatu. Wolemba ntchito aliyense amasiya ndemanga, ndipo ndemanga imodzi yoipa imatha kutseka makomo khumi.

Akuluakulu adati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ana athu a kunyanja ali ndi ufulu woyenda, ali ndi zitupa, ndipo ambiri ali ndi mafoni abwino otumizidwa kuchokera ku Joni. Funso limene kholo lililonse lingadzifunse ndi lakuti bandulo imene timagulira mwana ikuthera pati. Foni yomweyo imene amaonerapo timakanema mpaka pakati pa usiku, kapena kubetcherapo mpira, ndi imene mnzake wa ku Dzaleka akuphunzirirapo luso lomudyetsa.

Dzina labwino limayendabe pansi

Tikafunsa amalonda a nsomba amene akhalitsa pa msewu wa Salima ndi Mponela, timapeza kuti onse amachita zofanana. Munthu watsopano amayamba akumana naye maso ndi maso, amadziwa mudzi wake ndi mfumu yake, amayamba ndi katundu wochepa wolipiriratu. Ngongole imadza pambuyo pa nyengo zingapo. Akafika pamenepo m'pamene foni imagwira ntchito yake yeniyeni: chithunzi cha usipa chimatumizidwa m'mawa, mtengo umamvana masana, katundu amakwera minibasi, ndalama zimalowa madzulo. Chithunzicho chimayenera kukhala cha nsomba zomwezo zimene zapakiridwa, zosabisa zoola pansi pa dengu, ndipo mlimi naye soya wake asakhale wothira mchenga. Wochita chinyengo kamodzi amadziwika m'gulu lonse la amalonda tsiku lomwelo, pakuti foni imene imafalitsa malonda ndi yomweyonso imafalitsa mbiri.

Nyengo yokolola ikubwera, ndipo ambiri a ife tidzakhala tikuimbira anzathu a ku Malomo, Madisi ndi Mvera kufunsa mtengo wa chimanga. Nambala ikakana kulowa, tiyambe takumbukira phiri tisanaganize za kuba. Uthenga wofuna ndalama mwachangu ukafika, tiyambe tamva mawu a mwini wake. Ndipo wogula amene tangomudziwira pa Facebook, ngakhale chithunzi chake chikhale chaulemu chotani, ayambe ndi ndowa imodzi.